Mafunso ndi Mayankho: Ku Vang Vieng ndi Chikwama Kumsana

Mwezi uno makalata angapo abwera ndi dzina limodzi: Vang Vieng, tauni yaing'ono ya m'dziko la Laos yomwe ili m'mphepete mwa mtsinje wa Nam Song, pakati pa likulu la dzikolo, Vientiane, ndi mzinda wa Luang Prabang. Malowa anatchuka ndi mapiri a miyala ya laimu oima njo, mowa wotsika mtengo, ndi achinyamata a m'mayiko osiyanasiyana omwe amayandama pamtsinje atakhala pa machubu a matayala. Makalata ena tawafupikitsa, ndipo ofunsa zofanana tawaphatikiza.

Funso: Akonzi, ndimaphunzitsa ku Thailand ndipo ndili ndi tchuthi cha masabata awiri. Ndikufuna kukaona Laos ndi chikwama chimodzi chakumsana, osati zamahotela odula. Anzanga akuti Vang Vieng ndisaidumphe. Ndikafika bwanji, nanga ndikakhaleko masiku angati? — Mphunzitsi

Yankho: Aphunzitsi, yambani ndi pasipoti, zina zonse zibwere pambuyo. Laos imapereka visa ya masiku 30 pachipata kapena kudzera pa intaneti kwa anthu a mayiko ambiri, koma pali mayiko angapo a mu Africa omwe nzika zake zimayenera kukaitenga kaye ku ofesi ya kazembe. Mnzanu wa ku Ulaya akamati "ingopitani, akakudindirani komweko," akunena za pasipoti yake. Inu funsani ku ofesi ya kazembe wa Laos ku Bangkok musanagule tikiti ina iliyonse. Pasipoti ikhale yoti yatsala ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposa apo. Tengani kachithunzi ka nkhope ndi madola a America osang'ambika, osalembedwalembedwa, chifukwa ndalama yotha amaikana. Mukapitirira masiku omwe anakupatsani, chindapusa chake ndi madola 10 pa tsiku.

Kuchokera ku Thailand, ambiri amalowera ku Nong Khai, n'kuwoloka mtsinje wa Mekong pa mlatho wa Friendship Bridge womwe unatsegulidwa mu 1994, n'kufika ku Vientiane. Kuchoka apo kupita ku Vang Vieng kale unali ulendo wa maola pafupifupi anayi pa msewu wa Route 13. Mu Disembala 2020 anatsegula msewu waukulu watsopano wa makilomita pafupifupi 110, ndipo minibasi imatenga ola limodzi ndi theka kapena awiri. Mu Disembala 2021 kunabweranso sitima ya njanji ya Laos ndi China, yomwe imayenda ola limodzi lokha.

Musathamangire sitimayo pa gawo limeneli. Siteshoni yake ku Vientiane ili kunja kwa mzinda, ya ku Vang Vieng nayonso ili kunja kwa tauni, ndiye mukawonkhetsa ndalama ya tuk-tuk (kagalimoto ka hayala ka matayala atatu) mbali zonse ndi nthawi yodikira, minibasi yomwe imakutengerani pakhomo pa hositelo imafanana nayo. Pomwe sitima ilibe mnzake ndi pochoka ku Vang Vieng kupita ku Luang Prabang: ola limodzi kudutsa m'ngalande za pansi pa mapiri, pamene pamsewu ndi theka la tsiku la makona okhaokha ndi anthu akusanza. Matikiti amayamba kugulitsidwa kutatsala masiku ochepa ndipo amatha msanga, makamaka kuyambira Novembala mpaka Febuluwale. Gulani pa app ya LCR Ticket kapena kudzera pa hositelo, omwe amawonjezerapo kangachepe. Dzina la pa tikiti lifanane ndi la pa pasipoti. Pasiteshoni chikwama chimadutsa pa makina ounikira, ndipo mpeni ndi zitini zopopera amalanda. Fikani kutatsala ola.

Mausiku atatu ndi okwanira: tsiku limodzi pamtsinje, lina kumapanga ndi maiwe, lina kukwera phiri ndi kupuma. Kuti musasochere, kumbukirani bwalo lakale la ndege lomwe linatsala pa nthawi ya nkhondo. Lili pakati pa Route 13 ndi tauni. Mukaima pabwalolo n'kuyang'ana kumapiri akumadzulo, tauni ili patsogolo panu ndipo mtsinje uli kuseri kwake.

Funso: Ndaona mavidiyo a anthu akuyandama pa machubu mowa uli m'manja. Zimayenda bwanji kwenikweni? Ine kusambira ndimangodziwa pang'ono, mwina mamita khumi basi. Kodi ndingayese? — Mnyamata wofuna kudziwa

Yankho: Achimwene, kayendetsedwe kake n'kosavuta. Chubucho ndi cha tayala lalikulu. Mumalipira ya chubu ndi chikole, amakulembani nambala padzanja ndi cholembera chosafufutika, kenako kagalimoto ka mabenchi awiri kumbuyo kamakutengerani kumtunda kwa mtsinje, makilomita pafupifupi anayi kumpoto kwa tauni. Madzi ndi omwe amakubwezani. Ntchito yobwereketsa machubuyi anthu a kumeneko anaiyika m'manja mwa mgwirizano wa midzi, yomwe imasinthana masiku. Masiku ano mahositelo ambiri amagulitsanso ulendo womwewu wa gulu, wokhala ndi wotsogolera.

Chubu chiyenera kubwezedwa pofika 6 koloko madzulo, apo ayi amadula pa chikole. Nthawi imeneyi ndiyo imagwetsa anthu ambiri m'mavuto, ndiye tiiwerengere bwino. M'chilimwe madzi amachepa n'kumayenda mwaulesi, moti kuyandama kokha osaima pena paliponse kumadya maola awiri kapena atatu. M'dzinja mtunda womwewo umatha mu ola limodzi. Malo omwera mowa ali chakumayambiriro kwa ulendo. Munthu amakhala pamenepo akuvina mpaka 5 koloko, poganiza kuti tauni ili pafupi, osadziwa kuti mtunda waukulu ukadali patsogolo. Mapiri ali kumadzulo, choncho dzuwa limachoka pamadzi nthawi ikadalipo. Mu Disembala ndi Januwale mdima umagwa isanakwane 6 koloko ndipo kumazizira. Munthu woledzera, wonyowa, atakhala m'madzi ozizira mumdima, thupi limataya kutentha msanga, manja amauma, ndipo malo otulukira sawaona. Lowani m'madzi isanakwane 1 koloko masana, ndipo pamalo omaliza omwera muchokepo isanadutse hafu pasiti 3. Nthawi ikakutherani, tulukani pomwepo mukwere tuk-tuk ndi chubu chanu. Ndalama yake ndi yochepa.

Tsopano za m'madzimo. Musanakhale, tembenuzani chubu kuti kachitsulo kopopera mpweya kaloze pansi, chifukwa kamakanda ntchafu. Chubu chakuda chomwe chakhala padzuwa chimawotcha, chinyowetseni kaye. Khalani chagada, miyendo ikuloza komwe madzi akupita, kuti mwala muuone ndi kuukankha ndi phazi. Pamalo osaya madzi amachita thovu loyera: apo kwezani matako m'mwamba, apo ayi mwala ukugundani kumchira wa msana. Zipilala za milatho muzizilambalala mukadali patali, popalasa ndi manja onse chammbuyo. Pamadutsanso mabwato aataliatali a injini, apatseni njira.

Mukamayandikira malo omwera, anyamata a pamtunda amakuponyerani chingwe chomangirira botolo la pulasitiki kunsonga. Kolowekani kaye mkono umodzi kapena miyendo pa chubu, kenako gwirani chingwecho. Ambiri amachigwira ndi manja onse awiri, chingwe n'kuwakoka, chubu n'kupitirira chokha, iwo n'kutsala m'madzi. Ndipo chingwe musachikulunge padzanja. Madzi akakukokani simungachimasule.

Mukagwa pa chubu pamalo othamanga, musayese kuimirira ngati madzi apitirira m'mawondo. Phazi limalowa pakati pa miyala, madzi n'kukugwetsani chafufumimba, ndipo munthu amamira pamalo oti akadaima mutu ukadakhala kunja. Gonani chagada, mapazi patsogolo, mpaka mufike podekha.

Chifukwa chomwe tikunenetsera ndi ichi. Mu 2011 mokha, chipatala cha m'tauniyi chinalemba alendo 27 omwe anafa. Ambiri anamira ataledzera, ena anadumpha chamutu kuchokera pa zingwe ndi nsanja zomwe zinali m'mphepete mwa mtsinje n'kugwera pa miyala. Mu 2012 boma linatseka malo ambiri omwera mowa a m'mbali mwa mtsinje n'kugwetsa nsanjazo, ndipo lero otsegula ndi ochepa. Koma miyala ija sanaichotse, ndipo kuya kwa madzi kumasintha sabata ndi sabata. Pomwe mnzanu anadumpha mwezi watha lero pakhoza kukhala mita imodzi yokha.

Ndiye kwa inu a mamita khumi, yankho lathu lili pawiri. M'chilimwe mukhoza kuyesa, koma mutavala jekete yoyandamitsa yomanga malamba onse, muli ndi mnzanu wodziwa kusambira, ndipo osamwa mowa mpaka mutatuluka. Jeketeyo sakupatsani mukapanda kuitchula, ndiye ipempheni polipira. Ikokereni m'mwamba pamapewa, ikafika m'makutu ndiye kuti yakula, sinthani. Kuyambira Juni mpaka Okutobala, madzi akafiira n'kumanyamula zinyalala ndi mitengo, musalowemo. Mapiri omwewo mukhoza kuwaona bwino pa kayak, kabwato kopalasa ka anthu awiri, muli ndi wotsogolera.

Pasipoti ndi khadi la ku banki zisiyeni zokhomera ku hositelo. Tengani ndalama ya tsikulo yokha m'kachikwama kosalowa madzi, komwe amagulitsa m'mashopu onse a m'tauni. Ka malita asanu n'kokwanira. Pindani kukamwa kwake katatu musanatseke, ndipo kayeseni kaye mubafa mutaikamo pepala. Valani nsapato zomanga kuchidendene, chifukwa patapata amapita ndi madzi pamathithi oyamba. Mafuta oteteza kudzuwa pakani kwambiri pantchafu, mawondo ndi pamwamba pa mapazi, pakuti ndi pomwe pamayang'ana kumwamba maola atatu onsewo.

Funso: Mwana wanga wamkazi wa zaka 22 akuyenda ndi anzake ku Asia ndipo akuti adzagona ku Vang Vieng. Ndinamva pa wailesi kuti kumeneko kunafa atsikana chifukwa cha mowa. Mtima wanga suli m'malo. Ndimuuze chiyani? — Mayi wodera nkhawa

Yankho: Mayi, munamva zoona. Mu Novembala 2024 alendo asanu ndi mmodzi anamwalira atamwa mowa womwe akukhulupirira kuti munali methanol: awiri a ku Australia, awiri a ku Denmark, mmodzi wa ku Britain ndi mmodzi wa ku America. Asanu mwa iwo anali akazi achitsikana. Kumuletsa mwina sikutheka, koma zomwe zingamuteteze ndi zochepa ndipo mukhoza kumuuza pafoni mphindi zisanu.

Methanol ndi spiriti wa m'mafakitale. Amalowa mu mowa munthu akamuthira dala kuti achulukitse phindu, kapena kutcheza kukalakwika. Alibe mtundu, ndipo fungo ndi kakomedwe kake sizisiyana kwenikweni ndi mowa wamba, makamaka akasakaniza ndi juwisi ndi ayisi. Palibe lilime lomwe lingamuzindikire. Mamililita 10 okha akhoza kuchititsa khungu, ndipo 30 akhoza kupha. Kumeneko n'kosakwana kakapu kamodzi ka mowa waukali.

Choopsa chake n'chakuti sapha nthawi yomweyo. Maola oyamba munthu amangooneka woledzera, n'kukagona. Chiwindi ndicho chimamusandutsa asidi woopsa yemwe amawononga mtsempha wa maso, ubongo ndi impso, ndipo zimenezi zimatenga maola 12 mpaka 24, nthawi zina kuposa apo ngati anamwanso mowa wina. Ndiye m'mawa anzake amati ndi matsire, amusiye agone. Apa ndi pomwe anthu amatayira nthawi. Muuzeni mwana wanuyo kusiyana kwake: matsire amapepuka tsiku likamapita, methanol amanka nakula. Kusanza kosalekeza, m'mimba kupotokola, kupuma mofulumira ndi mozama, kusokonezeka mutu, ndipo makamaka maso kuchita chifunga, kuona timadontho toyera kapena kuwala kumalasa m'maso, zimenezo si matsire. Apite kuchipatala nthawi yomweyo, anene mawu akuti methanol, ndipo onse omwe anamwa naye apite limodzi ngakhale akumva bwino.

Mankhwala alipo. Madokotala amapereka fomepizole kapena ethanol woyezedwa bwino kuti chiwindi chisiye kupanga asidi uja, ndipo zikavuta amalumikiza wodwala ku makina otsuka magazi. Koma chipatala cha ku Vang Vieng n'chaching'ono. Odwala kwambiri amawatumiza ku Vientiane kapena kuwoloka malire kupita ku Thailand, monga zinachitikira ndi ena mwa omwe anadwala mu 2024. Ulendo wotero umafuna ndalama zambiri nthawi imodzi. Ngati mukufuna kumuthandiza ndi ndalama, mugulireni inshuwalansi yaulendo yomwe imalipira zosamutsa wodwala, ndipo nambala yake ya foni ikhale kwa inu, kwa iye ndi kwa mnzake mmodzi. Awerenge bwino timalemba tating'ono, chifukwa makampani ambiri salipira ngozi yomwe yachitika munthu ataledzera.

Zoti apewe ndi izi: timakapu taulere ta mowa waukali tomwe mahositelo ndi malo omwera amagawa madzulo kuti akope makasitomala, tindowa ta pulasitiki tosakaniza mowa ndi zakumwa zotsekemera tomwe anthu amamwera limodzi ndi mapaipi, ndi Lao-Lao, kachasu wa mpunga, akakhala wa m'botolo lopanda chizindikiro. Botolo la dzina lodziwika lomwe lili kale lotsegula pashelefu nalonso si umboni, pakuti mabotolo amadzazidwanso. Chodalirika ndi mowa wa m'botolo kapena m'chitini wotsegulidwa iye akuona. Beerlao imapezeka paliponse, botolo lalikulu ndi la mamililita 640, ndipo mowa wotere sautcheza. Akakana chaulere palibe amene angamukwiyire. Angokweza botolo lake n'kumwetulira.

Chinanso, atsikanawo apangane kuti potuluka usiku abwerera onse pamodzi, ndipo m'mawa aliyense adzutsidwe n'kulankhulitsidwa, ngakhale akane.

Funso: Mnzanga akuti m'malesitilanti ena kumeneko muli menyu yachiwiri yolembedwa kuti "happy", ndipo akuti apolisi salabadira. Zoona? — Wophunzira

Yankho: Theka loyamba ndi loona, lachiwiri ndi bodza. Chakudya kapena chakumwa cholembedwa kuti "happy" kapena "special" chimakhala ndi chamba, bowa woledzeretsa kapena opium. Zonsezi n'zoletsedwa ku Laos, ndipo pa milandu ikuluikulu yozembetsa mankhwala osokoneza bongo lamulo lawo limafika mpaka pa chilango cha imfa. Chomwe chimachitika kawirikawiri kwa mlendo n'chakuti apolisi ovala wamba amamugwira atangochoka pamalopo, n'kumulanda pasipoti mpaka alipire madola mazana angapo. Wogulitsayo mawa amatsegulanso. Kwa munthu yemwe dziko lake lilibe kazembe ku Vientiane, womuyankhulira amakhala kutali.

Kupatula apolisi, muyezo wake sudziwika. Chamba chodya chimachedwa kugwira, mwina ola lathunthu kapena kuposa, ndiye munthu amaitanitsa china poganiza kuti choyamba chinali chabodza, zonse n'kumugwira pamodzi. Opium ndi mowa zonse zimachedwetsa kupuma, ndipo kuziphatikiza ndiko kumapha anthu kutulo. Ngati simukufuna n'komwe zimenezi, werengani dzina la chakudya musanaloze chala pa chithunzi.

Funso: Ndalama zikatere bwanji? Nditenge madola kapena ndikatape pa ATM? Nanga malo ogona otchipa ndi otetezeka? — Mlongo wanu wosunga bajeti

Yankho: Achemwali, ndalama ya ku Laos ndi kip. Mu 2019 dola imodzi inkasintha ma kip osakwana 9,000, koma pofika 2024 inapitirira 21,000, ndiye mitengo ya ma kip yomwe mungaione m'mabuku akale a zaulendo musaikhulupirire. Ndalama zachitsulo kulibe, ndipo yapepala yaikulu kwambiri ndi 100,000, yomwe sikwana madola asanu. Mudzakhala ndi mpukutu waukulu wa ndalama zochepa. Werengani maziro polandira chenji, makamaka usiku. Ma ATM alipo m'tauni, monga a banki ya BCEL, koma amadula ndalama nthawi iliyonse mukatapa ndipo amaika malire a zomwe mungatulutse kamodzi, choncho tapani zambiri kamodzi m'malo motapa pang'onopang'ono. Madola ndi baht ya ku Thailand amasintha mosavuta. Ma kip otsala muwasinthe musanatuluke m'dzikomo, chifukwa kunja sawalandira.

Chotchipa kwambiri ndi bedi m'chipinda cha anthu ambiri. Mukakhala awiri, kachipinda ka feni m'nyumba ya alendo mogawana mtengo kamafanana ndi mabedi awiri a m'hositelo, ndipo mumagona bwino. Mahositelo a kumeneko ali mitundu iwiri ndipo zithunzi zimawaulula: mukaona dziwe losambiramo, tebulo la masewera a mowa ndi mawu olonjeza zakumwa zaulere, dziwani kuti tulo mulibe. Ofuna bata agone chakummwera kwa tauni kapena tsidya lina la mtsinje, koma aonetsetse njira yobwerera usiku. Timilatho tina ta nsungwi ndi matabwa timamangidwa m'chilimwe n'kukokoloka m'dzinja, ndipo tilibe magetsi.

Tengani loko wanuwanu wa kabati, pakuti ambiri amapereka kabati kopanda loko. Chikwama cha malita 40 n'chokwanira, chifukwa ochapa zovala amalipiritsa pa kilo ndipo mawa lake zimakhala zauma. Muikemo tochi yovala pamutu ndi juzi imodzi ngati mukupita mu Disembala kapena Januwale. SIM khadi ya Unitel kapena Lao Telecom ndi yotchipa, ndipo amafuna pasipoti pogula. Pa chakudya, supu ya khao piak sen m'mawa, mpunga womata ndi laap masana, ndi buledi wa khao jee wa pa timatebulo ta mumsewu zimakusungirani ndalama kuposa pizza. Laap munene kuti mukufuna yophika, chifukwa ina amaipanga ndi nyama yaiwisi. Madzi a pampopi musamwe.

Funso: Ife ndife banja la zaka za m'ma 40, sitimwa mowa. Kodi kuli choti tingakachite, kapena ndi tauni ya ana oledzera basi? Bambo akunyumba akufuna tikabwereke njinga yamoto. — Mayi wa ana atatu

Yankho: Mayi, kunena zoona inu ndi amene mukaione bwino tauniyi, chifukwa chokongola chake chili m'mawa, nthawi yomwe enawo ali mtulo. Cha m'ma 6 koloko nkhungu imakhala ili m'munsi mwa mapiri, mabaluni onyamula anthu akukwera, ndipo alimi akulowa m'minda ya mpunga.

Phanga losavuta ndi Tham Chang, chakummwera kwa tauni. Lili ndi masitepe pafupifupi 150 ndi magetsi mkati. Tsidya la kumadzulo, makilomita pafupifupi asanu ndi awiri, kuli dziwe la madzi obiriwira lotchedwa Blue Lagoon 1 ndi phanga la Tham Phu Kham pamwamba pake. Njira yokwera ndi yotsetsereka ndiponso yoterera. Chipinda choyamba chili ndi chiboliboli cha Buddha wogona ndipo mumalowa kuwala, koma kupitirira apo ndi mdima wa ndiweyani ndi maenje osatchinga, ndiye musadalire tochi ya pafoni. Fikani pamalowa isanakwane 9 koloko, magulu asanabwere. Maiwe otere alipo angapo, amawatchula ndi manambala, lililonse lili ndi mtengo wake wolowera, ndipo akutali ndi omwe amakhala ndi anthu ochepa. Kumpoto kuli Tham Nam, phanga lomwe mumalowa mutagona pa chubu n'kumadzikoka ndi chingwe, tochi ili pamphumi. Madzi akakwera m'dzinja khomo lake limatsekeka. Phiri la Nam Xay, lomwe pamwamba pake anaikapo njinga yamoto yojambulirapo zithunzi, ndi la theka la ola kapena kuposa pang'ono, koma kumapeto mumakwera ndi manja pa miyala yakuthwa. Pitani ndi nsapato zotseka, ndipo tsikani kukadali kowala.

Kulikonse komwe mungayende, musachoke m'njira yopondedwa. Pakati pa 1964 ndi 1973 dziko la Laos linaponyedwa mabomba oposa matani 2 miliyoni, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a timabomba ting'onoting'ono sitinaphulike. Kachitsulo kozungulira ngati mpira wa tenisi mukakaona m'tchire, musakakhudze.

Za njinga yamotoyo, funsani bambo funso limodzi: ali ndi laisensi ya njinga yamoto? Obwereketsa safunsa, koma a inshuwalansi amafunsa ngozi ikachitika, ndipo popanda laisensi salipira. Ku Laos amayendera kumanja kwa msewu. Misewu yambiri ya kumadzulo ndi yafumbi ndi timiyala, ndipo mumadutsa timagalimoto ta buggy tothamangitsidwa ndi alendo osazolowera. Ngozi yofala ndi kugwira buleki yakutsogolo mwamphamvu pa timiyala, tayala n'kutsetsereka. Chepetsani liwiro musanafike pakona ndipo yambani ndi buleki yakumbuyo. Inu wokwera kumbuyo muzitsikira kumanzere, chifukwa ekizozi ili kumanja ndipo imawotcha katumba. Musanachoke, jambulani njingayo mbali zonse mwini wake akuona, yesani mabuleki ndi nyali, ndipo pemphani mahelemeti awiri omanga bwino. Ambiri amafuna pasipoti ngati chikole. Yesetsani kusiya ndalama kapena fotokope, pakuti amene wasunga pasipoti yanu ndiye amatchula mtengo pakakhala mkangano wa kukalika kwa penti. Ngati laisensi palibe, panganani ndi woyendetsa tuk-tuk mtengo wa tsiku lonse, mutchule malo onse musanakwere, ndipo mulipire pobwerera.

Funso: Mwezi wabwino kupita ndi uti? — Owerenga angapo

Yankho: Novembala mpaka Febuluwale: kulibe mvula, masana n'kofunda, usiku kumazizira, koma anthu amachuluka ndipo malo ogona amakwera mtengo. Novembala ndiye wabwino koposa, popeza minda ikadali yokongola ndipo mtsinje uli ndi madzi okwanira osathamanga kwambiri. Malichi ndi Epulo kumatentha zedi, ndipo utsi wa kutentha minda umaphimba mapiri omwe mwapitira. Pakati pa Epulo pamakhala Pi Mai, chaka chatsopano cha ku Laos, pomwe aliyense amathira mnzake madzi mumsewu ndipo matikiti a sitima amasowa. Meyi mpaka Okutobala ndi dzinja: kobiriwira, kotchipa, koma kwamatope ndi mtsinje wolusa.

Funso: Mwana wa mchimwene wanga anabwerako maso ali psuu ndiponso bala la paphazi likutukusira. Anatinso anadzudzulidwa chifukwa cha kavalidwe. Zimenezi n'zofala? — Azakhali

Yankho: N'zofala, azakhali. Matenda a maso ofiira amayenda kwambiri pakati pa oyandama pamtsinje ndi ogona m'zipinda za anthu ambiri. Munthu asambe kumaso ndi madzi a m'botolo akatuluka mumtsinje, asabwerekane thaulo, ndipo ovala magalasi omata m'maso awavule asanalowe m'madzi. Bala lakalika ndi mwala limatukusira msanga kumalo otentha ndi achinyezi. Litsukidwe tsiku lomwelo ndi sopo ndi madzi oyera, apakepo ayodini, ndipo asalowenso nalo mumtsinje lisanapole. Kufiira kukamafalikira kapena thupi likatentha, apite kwa dokotala ndipo anene kuti anasambira mumtsinje ku Laos.

Kavalidweko, anthu a ku Laos amasamba mumtsinje atavala, ndipo m'tauni muli zikwangwani zopempha alendo kuti asayende mumsewu ndi zosambira zokha kapena chifuwa pamtunda. Malaya ndi kansalu komanga m'chiuno zimakwana m'kachikwama kosalowa madzi kaja. Kukachisi mapewa ndi mawondo aziphimbidwa, nsapato zivulidwe, ndipo mkazi asakhudze mmonke kapena kumupatsira chinthu m'manja. Achinyamata adziwenso kuti lamulo la ku Laos limaletsa mlendo kugonana ndi nzika ya dzikolo ngati sanakwatirane mwalamulo.

Popeza mnyamatayo wabwera kumene, muyang'anireni masabata awiri. Ku Laos kuli dengue, yomwe imafala ndi udzudzu woluma masana. Akayamba kutentha thupi kwambiri, mutu kupweteka kuseri kwa maso ndi kuphwanya m'mafupa, amwe paracetamol yekha, osati aspirin kapena ibuprofen chifukwa zimawonjezera kutaya magazi, ndipo akayezetse magazi atauza adokotala mayiko omwe wadutsa. Mumufunsenso ngati galu kapena mphaka anamuluma kapena kumukanda kumeneko. Ngati zinatero ndipo sanabayitse katemera wa chiwewe, apite akayambe lero, ngakhale bala litapola kale.